Mabuku a Chaka Chamawa Muwapeza Kuti? Kuyerekeza Laibulale, Kaunjika, Sitolo, Foni ndi Kubwerekana

Chaka chikamapita kumapeto, anthu ambiri okonda kuwerenga amakhala pansi n'kuyamba kukumbukira mabuku amene adutsa m'manja mwawo kuyambira Januwale, ndipo ena amachita kulemba mndandanda kumasamba omaliza a kope. Nditalemba wanga ndidapeza kuti wadzaza ndi nkhani zaupandu ndi zaukazitape zolembedwa ku America ndi ku Britain, mabuku a mbiri ya anthu anali awiri okha, ndipo la ndakatulo za Chichewa munalibe ngakhale limodzi, chonsecho munthu akandifunsa zimene ndimakonda ndimayankha kuti ndakatulo ndi mbiri ya dziko lino. Chifukwa chake sichidavute kupeza. Chaka chonsecho ndidagula mabuku kwa mavenda a m'mbali mwa msewu, choncho ndidawerenga zimene zidabwera m'makatoni awo. Malo amene munthu amapezako mabuku ndiwo amamusankhira mtundu wa nkhani zimene awerenge, ndipo amene akufuna kuti mndandanda wake wa chaka chamawa udzaoneke mosiyana ayenera kuyamba waganizira za malowo asanaganizire za mitu ya mabuku.

Njira zisanu zimene zili pansizi ndaziyeza ndi miyeso inayi. Woyamba ndi mtengo, ndipo pamenepa ndikuwerengera ndalama zonse zimene zimatuluka m'thumba kuti buku lifike m'manja, kuphatikizapo thiransipoti, bandulo ya intaneti ndi chindapusa. Wachiwiri ndi kupezeka, kutanthauza mtundu wa mabuku amene njirayo imakupatsani ndi amene imakumanani, ndipo muyeso uwu ndiwo ndaupatsa malo aakulu chifukwa ndi umene anthu amauiwala. Wachitatu ndi kasamalidwe, ntchito imene imakutsalirani buku likafika pakhomo, ndipo wachinayi ndi zovuta zimene zingakugwereni.

Laibulale

Pa nkhani ya mtengo palibe njira imene ingapikisane ndi laibulale kwa munthu wokhala pafupi nayo. Bungwe la National Library Service, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo la mu 1967, lili ndi likulu lake ku Lilongwe ndi nthambi ku Blantyre, ku Mzuzu komanso m'maboma ena, ndipo ndalama yolembetsera kuti muzibwereka mabuku ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa buku limodzi latsopano. Ndalama yeniyeni imathera pa msewu, chifukwa buku lililonse limafuna maulendo awiri, wokatenga ndi wokabweza, ndipo amene amakwera minibasi kapena kabaza ayenera kuwerengera zimenezi asanakondwere ndi kutsika kwa mtengo wa umembala.

Mabuku amene amapezeka m'malaibulale athu ambiri ndi ochokera kwa mabungwe akunja monga Book Aid International ya ku London, kotero mashelefu a nkhani zopeka za Chingerezi, mabuku a ana, a zaumoyo ndi a maphunziro amakhala odzaza bwino, pamene mabuku a Chichewa amakhala ochepa ndipo nthawi zambiri amakhala operepeseka chifukwa chodutsa m'manja ambiri. Ubwino waukulu wa laibulale ndi wakuti imakulolani kulawa mtundu wa nkhani umene simukadauwonongera ndalama. Malaibulale ambiri amasanja mabuku motsatira manambala a Dewey, pomwe zachipembedzo zimakhala pa 200, zasayansi pa 500, ndakatulo ndi zisudzo pa 800, ndipo mbiri ndi maulendo pa 900. Munthu amene wadziikira lamulo loti mwezi uliwonse azitenga buku limodzi pa shelefu imene sadaimepo amafika Disembala atayenda mtunda wautali. Kwa amene akufuna mabuku akale a mbiri ya Malawi kuli laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mumzinda wa Blantyre, ndiponso National Archives ku Zomba, kumene lamulo limafuna kuti buku lililonse losindikizidwa m'dziko muno likasungidwe, koma malo awiriwa ndi okawerengera komweko.

Kasamalidwe si ntchito yanu, kupatula kuliteteza buku ku mvula ndi ku manja a ana kwa masabata ochepa amene lili kwanu. Zovuta zake ndi chindapusa mukachedwa kubweza, kulipira buku mukalitaya, ndi kusowa malo okhala m'miyezi yoyandikira mayeso pamene ana a sukulu amadzaza mipando yonse kuyambira m'mawa. Maola otsegulira nawonso amagundana ndi maola a ntchito za anthu ambiri.

Mabuku a kaunjika

Aliyense amene adayendapo wapansi ku Limbe, m'katikati mwa Blantyre kapena ku Old Town ya Lilongwe adawaonapo mabuku oyalidwa pansi pa khonde la sitolo, ena atasanjidwa pa thumba, ena m'katoni. Mtengo wake ndi wonenerera, ndipo umatengera makulidwe a buku, maonekedwe a chikuto ndi mmene venda wakuonerani. Kawirikawiri ndalama yogulira buku limodzi latsopano lochokera kunja imakwanira mabuku a kaunjika angapo. Wogula wozolowera sasonyeza chimwemwe akaona buku limene wakhala akulifuna kwa zaka, chifukwa mavenda amawerenga nkhope bwino kuposa mmene ife timawerengera mabuku, ndipo mabuku amene amawadziwa kuti ali pa silabasi ya sekondale kapena ya koleji sawatsitsa mtengo.

Pa kupezeka ndi pamene njira iyi imasangalatsa ndi kunyenga nthawi imodzi. Nkhani zachikondi, zaupandu ndi zaukazitape zimachuluka zedi, kenako mabuku a alaliki a ku America, mabuku olangiza za kulemera ndi utsogoleri, ndi mabuku akale a sukulu a mayiko ena amene kuno alibe ntchito. Mwa apo ndi apo mumatulukira chuma, monga mabuku a chikuto cha olenji a African Writers Series, mndandanda umene kampani ya Heinemann idayamba mu 1962 ndipo udafalitsa alembi ambiri a mu Africa, kapena timabuku ta Pacesetters timene tidaphunzitsa anthu ambiri a m'badwo wa zaka za m'ma 1980 kukonda kuwerenga. Koma simungapite pa kaunjika ndi mutu wa buku m'maganizo n'kuyembekezera kulipeza tsiku lomwelo. Mabuku a Chichewa amasowa kwambiri pamenepa pa chifukwa chosavuta kumva: katundu wa kaunjika amachokera m'nyumba za anthu a kunja, ndipo anthu athu amene ali ndi mabuku a Chichewa sawagulitsa, amawasunga mpaka athere m'manja. Ndakatulo za chinenero chilichonse ndi zosowanso.

Kasamalidwe ka mabuku otere kamafuna khama chifukwa ambiri amafika atatopa kale. Buku logulidwa pansi liyenera kupukutidwa fumbi ndi kuikidwa pamthunzi podutsa mphepo tsiku limodzi kapena awiri lisanasakanizidwe ndi ena, popeza chuku chimasamuka kuchoka pa buku lina kupita pa linzake, makamaka m'dzinja. Kuyanika padzuwa lamphamvu kumapinda chikuto ndi kuumitsa guluu wa kumsana. Msana ukayamba kumasuka, guluu woyera wa akalipentala amagwira bwino, pamene selotepi imachita chikasu pakapita nthawi ndipo imasiya banga pa pepala. Mdani wamkulu ndi chiswe, chomwe chimatha kudya katoni yonse kuchokera pansi mwini wake akuona pamwamba pali bwinobwino, choncho mabuku asamagone pansi kapena kutsamira khoma la njerwa zosapaka simenti. Njenjete, mphemvu ndi makoswe zimamaliza zotsala.

Zovuta zake zimapeweka ndi maso. Musanapereke ndalama tsegulani tsamba lomaliza kuti muone ngati nkhani yafika pamapeto, chifukwa ine ndidawerengapo masamba oposa mazana atatu a nkhani ya kafukufuku wa apolisi n'kupeza kuti mutu womaliza, umene umaulula wakuphayo, udathothoka kalekale. Onaninso ngati buku lili ndi chidindo cha sukulu kapena laibulale ya m'dziko muno, popeza buku lotere mwina lidabedwa ndipo kuligula n'kulimbikitsa wakubayo. Palinso mabuku ooneka atsopano, okutidwa m'pulasitiki, amene ndi osindikizidwa mwachinyengo: inki yake imakhala yotuwa, mizere yopendekeka, masamba ena obwerezedwa ndipo ena odumphidwa. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo venda amene akukaniza kutsegula pulasitiki musanagule wakupatsani kale yankho.

Sitolo za mabuku ndi kugula kwa osindikiza

Iyi ndiyo njira yodula kuposa zonse, koma mtengo wake uli pawiri. Mabuku ochokera kunja amagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kuchokera pamene kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, buku latsopano la kunja lasanduka chinthu chimene anthu ambiri amangolitembenuza m'manja n'kulibwezera pa shelefu. Mabuku osindikizidwa konkuno nawo adakwera, poti mapepala ndi inki zimachokera kunja, komabe mitengo yake ndi yofikirika, makamaka timabuku tating'ono ta Chichewa.

Amene akufuna kuwerenga za Malawi kapena kuwerenga m'Chichewa alibe njira ina yodalirika yoposa iyi. Sitolo za CLAIM Mabuku zimagulitsa mabuku achikhristu, nyimbo za m'tchalitchi, mabuku a sukulu ndi ena a chikhalidwe. Ku Balaka kuli Montfort Media, ku Zomba kudachokera mabuku a Kachere Series ofotokoza za zipembedzo, mbiri ndi miyambo ya dziko lino, ndipo ku Mzuzu kuli Mzuni Press ndi Luviri Press. Vuto lalikulu la msika wathu ndi lakuti umayenda motsatira silabasi. Buku likasankhidwa kuti liziphunzitsidwa ku sekondale limasindikizidwa mobwerezabwereza ndipo limapezeka paliponse, monga mmene zilili ndi Nthondo, imene Samuel Ntara adatulutsa mu 1933, koma likachotsedwa pa mndandanda wa mayeso limazimiririka m'sitolo m'zaka zochepa chabe. Chifukwa cha chimenechi, buku la Chichewa limene lakusangalatsani ndi lofunika kuligula tsiku limene mwaliona, popeza mwayi woti mudzalipezanso chaka chamawa ndi wochepa.

Alembi ambiri a masiku ano, makamaka alakatuli, amadzisindikizira okha ndipo mabuku awo safika n'komwe m'sitolo. Amagulitsidwa pa mwambo wokhazikitsa buku, kapena kudzera pa Facebook ndi WhatsApp, wogula n'kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, buku n'kubwera pa basi. Ndalama yotere imafika m'manja mwa wolemba yonse, chomwe ndi chinthu chabwino, koma mabuku ena otere amatuluka opanda mkonzi, kotero mumapezeka zolakwika za kalembedwe zimene zimatopetsa. Ndi bwino kupempha kaye kuti akutumizireni tsamba limodzi kapena ndakatulo imodzi musanalipire.

Kasamalidwe ka buku latsopano ndi kofanana ndi ka buku lina lililonse la pepala, kungoti limayamba lili lamphamvu, ndipo kulikutira ndi pulasitiki yoonekera kumaliwonjezera zaka. Chovuta chachikulu ndi kuwononga ndalama yambiri pa buku limene mulisiye pa tsamba la makumi atatu. Pepala nalonso silikhala mpaka muyaya ngakhale lisamalidwe bwanji, monga tidaonera mu Disembala 2015 pamene moto udapsereza laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu.

Foni ndi makina owerengera

Mtengo wa buku la pa foni umaoneka ngati palibe, ndipo nthawi zina ulibedi. Buku la mawu okhaokha limadya bandulo yochepa kuposa kanema wa mphindi imodzi, ndipo mukalitsitsa kamodzi mumaliwerenga popanda intaneti. Laibulale ya pa intaneti ya Project Gutenberg, imene idayamba mu 1971, ili ndi mabuku aulere oposa 70,000 amene nthawi ya umwini wawo idatha. Mabuku atsopano ogulitsidwa pa Amazon ndi malo ena amafuna khadi ya ku banki yolipira ndalama zakunja, ndipo apa ndi pamene ambiri amabwerera. Makina owerengera mabuku monga Kindle ndi ena otere ndi odula pogula, koma batire lake limatha masabata, zomwe zimathandiza kumalo kumene magetsi amathimathima kapena kumene anthu amadalira sola.

Zopezeka pa njira iyi zapendekera mbali imodzi. Mabuku akale a Chingerezi, a nzeru zakuya, a mbiri ya ku Ulaya ndi nkhani zopeka za zaka za m'ma 1800 alipo osawerengeka, moti munthu angathe kuwerenga moyo wake wonse osalipira kanthu. M'Chichewa muli Baibulo, lomwe limapezeka pa pulogalamu ya pa foni ya YouVersion m'matanthauzidwe angapo kuphatikizapo Buku Lopatulika, ndiponso tinthano ta ana ta pa tsamba la intaneti la African Storybook, koma nkhani zopeka ndi ndakatulo za akuluakulu zogulitsidwa movomerezeka ndi zochepa kwambiri. Kusiyana kwa mitundu ya mafayilo n'kofunika kukudziwa: EPUB imasintha mizere kuti ikwanire pa foni iliyonse ndipo zilembo mungazikulitse, pamene PDF imasunga tsamba momwe lidasindikizidwira, choncho pa foni yaing'ono munthu amangokhalira kukoka tsamba uku ndi uku mpaka maso kuwawa.

Kasamalidwe kake ndi kutchaja, kusunga mafayilo pamalo awiri, monga pa memori khadi ndi pa imelo, ndi kuwapatsa maina omveka kuti asasochere pakati pa zithunzi za ukwati. Foni ikabedwa m'minibasi mabuku onse amapita nayo ngati sadasungidwe kwina.

Zovuta za njira iyi ndi zitatu, ndipo sizilemera mofanana. Chaching'ono ndi masamba a pa intaneti olonjeza mabuku aulere amene amadzaza foni ndi zotsatsa malonda kapena mavairasi. Chachiwiri ndi ma PDF ozungulira m'magulu a WhatsApp, omwe ambiri ndi akuba. Lamulo la umwini wa zolemba la mu 2016, limene bungwe la COSOMA limayang'anira, limaletsa kufalitsa buku la mwini popanda chilolezo, ndipo kwa wolemba wa kuno amene adasindikiza makope mazana ochepa ndi ndalama ya m'thumba mwake, fayilo imodzi yotayikira m'gulu imatha kupha malonda onse. Chachikulu, mwa kuona kwanga, ndi chakuti foni yomweyo imene ili ndi buku ndi imene ikulira ndi mauthenga. Anthu ambiri ali ndi mabuku mazana pa foni ndipo sadamalizepo ngakhale limodzi. Amene asankha njira iyi azithimitsa intaneti asanatsegule buku.

Kubwerekana

Njira iyi ndi yakale ndipo imagwira bwino ikakonzedwa ngati chipereganyu. Anthu asanu ndi mmodzi akagwirizana kuti aliyense agule mabuku awiri pa chaka n'kumasinthana pakutha pa mwezi, aliyense amawerenga mabuku 12 atalipira awiri okha. Zopezeka zimatengera anthu amene muli nawo, ndipo gulu la anthu osiyana zokonda, wina wa ndakatulo, wina wa mbiri, wina wa zasayansi, limapindula kuposa gulu la anthu ofanana maganizo. Pamafunika kope lolembamo amene watenga buku ndi tsiku lobweza, komanso mgwirizano wa zimene achite wotaya buku, ndipo izi zikambidwe tsiku loyamba nkhope zidakali zosekerera. Popanda zimenezi buku limachoka kwa mnzanu kupita kwa mlamu wake, kuchoka apo kupita kumudzi, ndipo chibwenzi chimazilala chifukwa cha chinthu chimene aliyense akuchita manyazi kuchifunsa.

Ndani asankhe iti

Wophunzira kapena wina aliyense wa m'tauni amene ndalama ndi zochepa koma nthawi ali nayo alembetse ku laibulale, ndipo kaunjika azipitako pofuna nkhani zopepuka za pa holide. Wogwira ntchito amene amaweruka laibulale itatseka kale, ndipo amathera nthawi yambiri m'minibasi kapena pa mzere ku banki, apindula ndi foni, malinga azitsitsa mabuku a EPUB kuchokera kumalo ovomerezeka. Ngati amawerenga kwambiri ndipo kwawo magetsi ndi ovuta, Kindle yogwiritsidwapo kale ntchito imabweza ndalama yake pakapita nthawi.

Amene wayang'ana mndandanda wake wa chaka chino n'kupeza, monga ndidapezera ine, kuti mulibe buku la Chichewa kapena la mbiri ya kwathu, apatule ndalama yogulira buku latsopano limodzi pa miyezi iwiri kapena itatu iliyonse kwa osindikiza a kuno kapena kwa alembi eni ake, chifukwa laibulale, kaunjika ndi foni sizidzamubweretsera mabuku amenewa pazokha. Mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi kapena wazaumoyo amene ali kumudzi kutali ndi boma ayambitse gulu lobwerekana ndi anzake a pamalopo, ndipo aliyense wopita m'tauni kukalandira malipiro azibwerera ndi buku limodzi la kaunjika loonedwa bwino tsamba lomaliza. Makolo a ana aang'ono aphatikize laibulale, yomwe ili ndi mabuku ambiri a zithunzi, ndi tinthano ta African Storybook towerengera mwana m'chinenero chake madzulo.

Amalawi okhala ku Britain ali ndi malaibulale a boma olembetsa mwaulere, ndipo ambiri mwa malaibulalewo amabwereketsanso mabuku a pa foni, kotero za Chingerezi sangasowe. Mabuku a Kachere, Mzuni Press ndi Luviri Press angawaitanitse kudzera ku African Books Collective ya ku Oxford, yomwe imagulitsa kunja mabuku a osindikiza a mu Africa. Koma timabuku ta ndakatulo ndi nthano za Chichewa, kaya munthu ali ku Manchester, ku Johannesburg kapena ku Harare, timafikabe m'chikwama cha wachibale amene akuchokera kumudzi, choncho mndandanda wa mitu utumizidwe kwa wachibaleyo sabata ziwiri asananyamuke, kuti apeze mpata wozungulira m'sitolo.